Bedi Losagulidwa ku Kalingalinga

Usiku wachisanu unandipeza ku Chelstone,
thanki ya madzi itaima njo pamwamba pa magalimoto,
mapazi atatupa, nsapato yakumanzere itayasamula.

Kumbuyoku sizinavute.
Ku Rufunsa ndinagona m'kalasi ya ana aang'ono,
masamu a dzulo akadali pa bolodi osafufuta,
ndinapeza yankho la lachitatu tulo tisanabwere.
Ku Chinyunyu a Zelipa ogulitsa makala
anasuntha matumba awiri nati, apa pakwana munthu,
ndinadzuka wakuda bii, koma wopuma.
Ku Chongwe wokonza matayala anandipatsa khonde,
osafunsa ngakhale dzina.

Lusaka sayankha odi.
Odi wanga anagunda mpanda, nabwerera ndi galu.
Pamwamba pa mipanda mabotolo osweka,
pamwamba pa mabotolo waya wamagetsi.
Kunyumba yogona alendo mtsikana anayang'ana fumbi langa,
anatchula mtengo osakweza mutu,
ndinawerenga za m'thumba kawiri ngati zingaswane.
Kwina anati tadzaza, kuli ukwati mawa.
Foni ya msuweni wanga Lameki inalira,
inalira,
kenako mayi wam'makina anati ndiyesenso nthawi ina.

Ndinadutsa Mtendere, dzina lokha,
ndikukoka chikwama ngati mbuzi yokana msika,
mpaka pamsewu wa akalipentala ku Kalingalinga.

Mabedi!
Mabedi m'mbali mwa msewu, mzere wonse,
a mukwa, a paini, achitsulo opaka golide,
onse opanda munthu,
ndipo ine munthu wopanda bedi.
Ndinaseka ndekha, mokweza.

Tochi inandiwala m'maso.
Iwe, ukuseka ndi ndani?
Mlonda, chikhoto chofika m'maondo, mbaula pambali.
Ndinati ndachokera ku mlatho wa Luangwa, wapansi,
ndikupita ku Kafue.
Anati mabasi anatha?
Ndinati ayi, ndinangofuna kuona kutalika kwake.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenako anaunika mapazi,
mapaziwo ndi amene anandichitira umboni.

Dzina lawo a Yotamu Miti, kwawo ku Nyimba,
zaka khumi ndi chimodzi akulondera mabedi
osagonapo ngakhale limodzi.
Anakweza lona.
Ili lagulidwa, likupita kwa akwati mawa, usalikhudze.
Ili mwendo ngwaufupi, akulikana kuyambira Malichi.
Anaika njerwa pansi pa mwendo uja,
anayala makatoni a firiji pamatabwa,
anati faifi koloko usakhalepo,
bwana amawerenga ngakhale utuchi.

Madzi ofunda m'chitini cha penti,
mchere pang'ono, mapazi m'kati.
Tinagawana mbatata imodzi yopserera mbali.
Anafunsa ngati mitengo ya masuku ku Kacholola ikadalipo,
sindinafikeko, koma ndinati ilipo.

Pansi pa lona panali fungo la vanishi ndi guluu.
Matabwa anandilemba mizere kumsana.
Kutali jenereta inkatsokomola,
woledzera wina ankakangana ndi ngalande,
a Miti ankayenda uku ndi uku
akung'ung'udza nyimbo ya kwaya yopanda mathero.
Sindinalote kanthu.

Anandigwedeza chala chakuphazi kusanache.
Ndinatulutsa ndalama, anaibweza m'thumba langa lomwe,
anati ukagule zomatira nsapatoyo,
ikulankhula kwambiri.
Tinachotsa njerwa, tinapinda makatoni,
bedi linapendekeranso monga kale,
losafunidwa, losadziwa kanthu.

Ndinalowera kumwera mabasi oyamba akuitana anthu.
Pa pepala langa la malo ogona,
pansi pa Rufunsa, Chinyunyu, Chongwe,
ndinalemba Lusaka,
ndipo pamalo a adiresi
cholembera chinaima.
Wina akadzandifunsa kuti mumzindawu mpogona pati,
ndidzati sindikudziwa,
a Miti angachotsedwe ntchito.